Nyaope ku Joni: ufa umenewu ukuchokera kuti, nanga umapha bwanji ana athu?

Aliyense yemwe anakhalako ku Joni amawadziwa anyamata aja. Umawapeza pa maloboti, pansi pa milatho, kuseri kwa renki ya mataxi, ena akukoka zimatumba za mabotolo ndi zitini kukagulitsa ku sikilapu, milomo yothetheka, thupi lonse mbuu, ena ali chiimire koma akusinza mpaka mutu kufika m'mawondo osagwa. Eni dziko amawatcha amaphara. Ife obwera timangoti "a nyaope aja" nkudutsa mwachangu foni titaigwira zolimba. Chomwe sitinena tikamaimba foni kumudzi nchoti pakati pa anyamata amenewo pali athu omwe, olankhula Chichewa, Chiyawo, Chitonga, ana omwe anakwera basi pa Wenela kapena ku Mangochi mtima uli pokagwira ntchito nkudzamanga nyumba ya malata.

Ine ndinagonapo chipinda chimodzi ndi m'bale wina wotere. Dzina ndi mudzi sinditchula poti mayi ake alipo. Anali mwana wakhama, amatsuka magalimoto, mwezi ukatha amatumiza kangachepe kumudzi. Fodya wamkulu amasuta kuyambira kwathu komwe, izo timadziwa ndipo sitimazitenga ngati nkhani. Nde inafika nthawi anayamba kudzuka mbandakucha atagwira pamimba, thukuta kamukamu olo kunja kukuzizira, kuyasamula kosalekeza, mamina chuchuchu, ife nkumati mwina ndi zilonda za m'mimba kapena malungo omwe anabwera nawo. Chodabwitsa akangotuluka kwa mphindi makumi awiri amabwera ali bwinobwino. Kenako ketulo inasowa, kenako nsapato zanga, kenako ndalama ya lendi. Tinamuthamangitsa. Kumudzi anati walodzedwa ndi anthu ansanje, anapita mpaka kwa asing'anga. Patadutsa chaka ndi miyezi tinasonkherana ndalama yotumiza maliro, ndipo pa pepala la chipatala panalembedwa TB. Mpaka lero zimandipweteka kuti nthawi yonse ija ndimakhala ndi munthu wodwala matenda omwe mankhwala ake alipo, ine osadziwa olo dzina lake.

Ndiye tiyambe ndi dzinalo. Nyaope ndi heroin. Ndi heroin wotchipa, wosayeretsedwa bwino, yemwe ogulitsa amamusakaniza ndi zinthu zina kuti achuluke, ndipo wosuta amawaza kaufako pa chamba kapena pa fodya nkupichira ndudu. Anayamba kumveka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 m'malokeshoni a ku Pretoria, makamaka Soshanguve ndi Mamelodi. Ku Durban amati whoonga, ku Cape Town unga, ndipo unga ndi mawu a Chiswahili otanthauza ufa, dzina lomwe a ku Tanzania amatchulira heroin. Dzina lokhalo likukuuzani njira yomwe katunduyu anadzera. Boma la South Africa linadzaika nyaope pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa mu 2014, apo nkuti zitafala kale.

Munamvapo zoti mu nyaope mumakhala ma ARV ndi mankhwala a makoswe eti? Nkhani imeneyi inafala heve, mpaka anthu ena omwa ma ARV amaopa kulandidwa potuluka ku kiliniki. Zoika zachabechabe mumakhaladi, poti wogulitsa aliyense amathira zake, koma chomwe chimamanga munthu kuti asathe kusiya ndi heroin yemweyo. Izi nzofunika kuzimvetsa, chifukwa ukamati "nchosakaniza chachilendo chosadziwika" umataya mtima, pomwe heroin madokotala anamuphunzira kalekale ndipo akudziwa chochita naye.

M'thupi mwathu muli kale timankhwala tachilengedwe toziziritsa ululu, ndi tomwe timakuthandiza kupirira ukavulala. Heroin amakakhala pamalo pa timankhwala timeneti mu ubongo koma mwamphamvu kwambiri, nde poyamba munthu amamva kutenthera, mtendere, nkhawa zonse zii. Kwa mnyamata wopanda mapepala, wogona m'kachipinda ka malata kozizira, woopa apolisi, woopa zipolowe zothamangitsa obwera, yemwe kumudzi akungomuimbira za feteleza ndi fizi, mtendere umenewo si chinthu chaching'ono. Koma ubongo umazolowera msanga. Ndudu yomwe imakwana dzana lero siikwananso, ndipo pakapita masabata akusuta tsiku ndi tsiku thupi limafika poti silingayende popanda ufawo. Pakangodutsa maola 6 mpaka 12 chisutireni, zimayamba: kupotokola m'mimba, kutsegula, kusanza, mafupa kuphwanya ngati akumenya ndi mpini, tulo osabwera. Zimafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu, nkumatha pang'onopang'ono pakatha sabata. Ku Durban amazitcha arosta, ku Dar es Salaam arosto. Ife tingati chibaba, koma chibaba cha fodya chija nchamwana poyerekeza ndi ichi.

Apa mpomwe ambirife timalakwitsa poweruza. Timaona ngati mnyamata akusuta kuti asangalale, pomwe kusangalalako kunatha miyezi yoyambirira. Panopa akusuta kuti asadwale, kuti angotha kuimirira basi. Kapaketi kamodzi kamagulidwa pa R20 kapena R30, kumveka kutchipa, koma tiyerekeze akufuna kasanu pa tsiku pa R30, ndi R150 imeneyo, pamwezi R4,500, tsiku lililonse popanda Sande popanda Khisimisi. Ndalama imeneyo ambiri a ife ogwira m'magadeni ndi m'makitchini timachita kuisaka mwezi wathunthu. Ndi chifukwa chake ketulo imasowa, mawaya a magetsi amadulidwa, mipope ya madzi imazulidwa. Sindikuti kuba nkwabwino, ine ndinaberedwapo ndipo zinandiwawa. Ndikungofuna muone chomwe chikumuthamangitsa munthuyo m'mawa uliwonse.

Nanga ufawu umafika bwanji mpaka ku Hillbrow? Ulendo wake ndi wautali ndipo ukudutsa pakhomo pathu penipeni. Heroin amapangidwa kuchokera ku utomoni wa duwa lotchedwa poppy, ndipo kwa zaka zambiri pafupifupi 80 pa 100 ya utomoni umenewu padziko lonse imachokera ku Afghanistan, makamaka chigawo cha Helmand. Kuchoka kumeneko katundu amatsikira ku gombe la Makran, m'malire a Pakistan ndi Iran, nkukwezedwa m'zombo zamatabwa zija za asodzi ndi amalonda, zomwe zimayenda masabata pa nyanja ya Indian Ocean. Mu 2014 sitima yankhondo ya ku Australia inagwira chombo chimodzi chotere kufupi ndi Kenya chili ndi heroin woposa tani imodzi. Atayamba kulondera kwambiri ku Kenya ndi Tanzania, zombo zinayamba kutsikira kumwera, ku magombe a Cabo Delgado ndi Nampula ku Mozambique, komwe chombo chimaima patali nkubwera timaboti kudzatenga katundu usiku. Mu December 2019 asilikali a Mozambique atatsekereza chombo china kufupi ndi Cabo Delgado, anthu a ku Iran omwe anali m'chombomo anachiyatsa moto kuti umboni umire. Kuchoka kugombe katundu amayenda pamsewu mpaka Maputo, kuoloka pa Ressano Garcia, kulowa Johannesburg. Joseph Hanlon, yemwe walemba za Mozambique kwa zaka zambiri, anawerengera mu 2018 kuti matani 40 kapena kuposa amadutsa m'dzikomo chaka chilichonse, moti heroin amakhala ngati katundu wachiwiri wotuluka m'dzikomo pambuyo pa malasha.

Wambiri mwa katundu ameneyu cholinga chake ndi ku Ulaya komwe kuli ndalama. Koma madzi akamadutsa mu ngalande nthaka ya m'mbali imanyowa. Onyamula ena amalipidwa ndi ufa womwewo m'malo mwa ndalama, nde amayenera kuugulitsa pompo, ndipo umo ndi momwe Mombasa, Zanzibar, Dar es Salaam, Maputo ndi Pretoria anapezekera ali ndi osuta awoawo. Ifenso tisadzichotsemo, chamba cha kwathu chija chotchuka kuti Malawi Gold chimapita ku South Africa komweko, ndipo ndudu ya chamba ndi yomwe ambiri amayambira nayo nyaope, ena osadziwa nkomwe kuti mnzawo wathiramo kanthu.

Tsopano za imfa. Bungwe la UNODC, la United Nations loona za mankhwala ozunguza bongo, linati mu 2022 anthu 292 miliyoni padziko lonse anagwiritsapo ntchito mankhwala oterewa, kukwera ndi 20 pa 100 m'zaka khumi. Ambiri mwa iwo, 228 miliyoni, ndi a chamba. A mankhwala a gulu la heroin, omwe madokotala amati ma opioid, anali 60 miliyoni. Koma ukabwera pa maliro zinthu zimatembenuka. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 600,000 anamwalira kaamba ka mankhwala ozunguza bongo, ndipo pafupifupi 80 pa 100 ya imfa zimenezi zinakhudza ma opioid. Gulu lochepa, manda ambiri. Ndipo taonani ichi: mwa imfa za ma opioid zimenezo, ndi pafupifupi kota chabe, anthu ngati 125,000, omwe anafa chifukwa chopyoza muyezo nthawi imodzi. Ena onsewo anapita pang'onopang'ono, ndi matenda a chiwindi, ndi Edzi, ndi zina zobwera chifukwa cha moyo umenewu. Imfa zotere pa pepala salemba kuti nyaope. Amalemba matenda omwe amaliza munthuyo, ngati mmene analembera m'bale wanga uja. Ndi chifukwa chake mudzi ungathe kuika maliro atatu ochokera ku Joni osadziwa kuti gwero lake ndi limodzi.

Njira yoopsa kwambiri ndi jakisoni. Kusuta kukayamba kudula, munthu amauzidwa ndi anzake kuti ukasungunula ufa nkudzibaya pamtsempha kapaketi kamodzi kamagwira kwambiri. Nzoona kamagwira, koma jakisoni mmodzi amazungulira anthu anayi asanu. Kachirombo ka HIV kamadutsa mosavuta mwa njira imeneyi, ndipo ka hepatitis C, kowononga chiwindi mwakachetechete kwa zaka, kamadutsa mosavuta kuposa apo. Kafukufuku yemwe anachitika m'mizinda ya South Africa cha m'ma 2017 anapeza kuti mwa odzibaya, mmodzi mwa asanu alionse anali ndi HIV, ndipo oposa theka anali ndi hepatitis C, ku Pretoria ndiye kunali koipitsitsa. Chaka chomwecho manyuzipepala analemba za mchitidwe wotchedwa bluetooth, woti wina akadzibaya mnzake wopanda ndalama amapopa magazi ake nkudzibaya nawo poganiza kuti alandirako mphamvu ya ufawo. Mphamvu yomwe amalandira ndi yosanunkha kanthu, chomwe amalandira chenicheni ndi matenda onse a mnzakeyo. Onjezerani zilonda zotukusira pamikono, kusadya, kugona panja mu June, kusiya ma ARV kapena mankhwala a TB panjira chifukwa m'mawa uliwonse choyamba ndi kusaka R30.

Kupyoza muyezo nako kumapha mwakachetechete, sikuti munthu amakuwa kapena kuphupha ngati mmene ena amaganizira. Heroin amagonetsa mbali ya ubongo yomwe imalamula kupuma. Munthu amangooneka ngati wagona tulo tofa nato, akuliza mkonono wachilendo, mpweya ukutuluka patalipatali, milomo ndi zikhadabo zikusintha mtundu, ndipo ukatsegula chikope kadontho kakuda ka pakati pa diso kamakhala katachepa ngati nsonga ya singano. Anzake amati musiyeni agone. Ena amamuthira madzi, ena kumumwetsa mkaka, zomwe zingathe kumutsamwitsa. Chofunika ndi kumugwedeza mwamphamvu, akapanda kudzuka imbani 112 pa foni yam'manja kapena 10177, mugonekeni chammbali kuti masanzi asatseke kukhosi, ndipo musamusiye yekha. Pali mankhwala otchedwa naloxone omwe amachotsa heroin pamalo pake mu ubongo munthu nkuyambanso kupuma m'mphindi zochepa, koma mphamvu yake imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, nde olo adzuke ayenera kukafikabe kuchipatala. Abale anga opanda mapepala, ndikudziwa mantha omwe timakhala nawo, koma malamulo aakulu a South Africa pa gawo 27 amanena poyera kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi. Ngozi imakula kwambiri munthu akaphatikiza ufawu ndi mowa kapena mapilitsi ogonetsa.

Pali chinanso chomwe chikundidetsa nkhawa. Mu April 2022 a Taliban, omwe akulamulira Afghanistan, analetsa ulimi wa poppy m'dzikomo, ndipo UNODC inapeza kuti mu 2023 minda inatsika kuchoka pa mahekitala 233,000 kufika pa 10,800, kutsika ndi 95 pa 100. Kungomva zikuoneka ngati nkhani yabwino, koma anthu omangidwa kale ndi ufawu sanachepe, ndipo wogulitsa akasowa katundu amasaka cholowa m'malo. Cholowa m'malocho ndi mankhwala opangidwa mu labu, osafuna munda. Ku America mankhwala otere otchedwa fentanyl anafikitsa imfa zopyoza muyezo pa anthu oposa 100,000 pa chaka mu 2022. Ku Britain kwayamba kupezeka gulu lina lotchedwa nitazenes, ena mwa iwo amphamvu kuposa fentanyl yemweyo, ndipo omwewo anapezekanso mu mankhwala osuta otchedwa kush a ku Sierra Leone, komwe Pulezidenti Julius Maada Bio analengeza mu April 2024 kuti dziko lili pangozi chifukwa cha mankhwalawa. Wosuta sangaone ndi maso kuti kapaketi ka lero kali ndi chiyani. Komanso zombo zomwe zija masiku ano zikumanyamulanso mankhwala ena ozunguza bongo otchedwa crystal meth, omwe ku Cape Town amati tik ndipo ku Zimbabwe mutoriro.

Nde chithandizo chilipo? Chilipo, koma si chomwe ambiri timathamangira. Chomwe timachita ndi kumutsekera m'nyumba, kumumanga unyolo, kumutengera ku mapemphero a usiku, kapena kulipira malo ena osavomerezeka komwe ana amamenyedwa kuti "chiwanda chituluke". Pemphero sindikulinyoza, ine ndemwe ndimapemphera, ndipo munthu wosiya amafunadi anthu omuzungulira. Koma kungotsuka thupi kwa sabata kapena mwezi kokha ambiri amabwereranso, chifukwa arosta akatha ubongo umakhala usanabwerere m'malo, tulo kulibe, mtima uli pansi, ndipo anzake akale ali pakona pomwepo. Njira yomwe yaonetsa kuti imachepetsa imfa ndi mankhwala otchedwa methadone kapena buprenorphine. Ndi a gulu lomwelo la ma opioid koma amagwira pang'onopang'ono tsiku lonse, amamwa kamodzi pa tsiku pa muyezo wa dokotala, munthu samadwala arosta komanso saledzera, amatha kupita ku ntchito, kumwa ma ARV ake mu nthawi, kusiya jakisoni. WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2005. Ena amati uku nkungosintha ufa ndi ufa unzake. Ine ndimati munthu wa shuga timamulola kubaya insulin zaka ndi zaka osamunena, bwanji uyu?

Ndipo si za azungu zokha ayi. Tanzania inatsegula kiliniki ya methadone pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011. Ku Maputo a MSF, bungwe la madokotala opanda malire, anayamba kuthandiza osuta ku Mafalala mu 2018, kenako kudzayamba kupereka methadone. Ku Pretoria kuli pologalamu ya COSUP yomwe khonsolo ya Tshwane ndi University of Pretoria anayambitsa mu 2016, imapereka methadone ndi majakisoni atsopano kuti anthu asamabwerekane. Zopereka majakisonizi zimakwiyitsa anthu ambiri, amati mukulimbikitsa, koma wodzibaya adzibayabe lero kaya mumupatse kaya ayi, funso ndi loti adzibaya ndi wa ndani. Vuto ndi loti malo oterewa ndi ochepa ndipo methadone wogula wekha ndi wodula. UNODC yomwe ija inati mwa anthu 64 miliyoni omwe mankhwala anawafikitsa podwala, mmodzi yekha mwa 11 ndi yemwe akulandira chithandizo, ndipo kwa amayi ndi mmodzi mwa 18. Atsikana amabisala kwambiri chifukwa cha manyazi, ndipo njira yomwe ambiri amapezera R30 ija mukuidziwa kale.

Kwathu ku Malawi, m'bale akafika potere chomwe timachita ndi kusonkha ya basi kuti abwerere kumudzi. Nthawi zina zimathandizadi poti wachoka pakati pa ogulitsa. Koma makolo dziwani zomwe mukulandira. Masiku oyamba adzadwala ngati afa, kutsegula m'mimba ndi kusanza, mpatseni madzi ambiri ndi thanzi ORS, ndipo mupite naye kuchipatala mukanene zoona kuti amasuta kapena kudzibaya heroin, osangoti "wabwera akudwala". Akamuyeze HIV ndi TB, mufunsenso za chiwindi. Thandizo la anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala limapezeka ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku chipatala cha Zomba Mental, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwana wanu wapenga. Muyang'anirenso kuti asalowe mu kachasu kapena m'mankhwala a chifuwa aja okhala ndi codeine, poti codeine ndi m'bale wake wa heroin ndipo thupi limamuzindikira.

Nthawi yoopsa kwambiri imabwera pomwe aliyense wapumira m'mwamba. Mwana wakhala kumudzi miyezi itatu, wanenepa, akulima, kenako akuti ndibwerere ku Joni ndikasake ndalama. Kapena anali m'ndende, kapena ku Lindela, komwe amasunga obwera opanda mapepala, kudikira kutumizidwa kwawo, nkutuluka. Thupi lake pa nthawiyo linaiwala kale muyezo wakale uja, koma mutu ukuukumbukirabe. Akangoti ndilaweko kamodzi nkutenga mlingo womwe amatenga kale, mpweya umatha kuima pompo, ndipo ndi chifukwa chake masabata oyamba munthu atangotuluka m'ndende kapena ku rehab, malo othandizira anthu kusiya mankhwala, ndi omwe amapha ambiri. Ngati muli ndi wanu yemwe akukonzeka kukwera basi yobwerera, muuzeni zimenezi maso ndi maso asananyamuke, ndipo yemwe akukamulandira ku Park Station azidziwenso.